Ana Anabweretsa Umboni

Mukadzamva munthu akunena kuti ana akumudzi sangathe kugwiritsa ntchito makina, mudzamutumize kwa ine. Chaka chatha ndinali ndi nyumba yalendi yamalata, ndiwo za nsomba pafupifupi tsiku lililonse, ndi mkazi amene ankandiyankha ndikamuitana. Lero zonsezo ndimangozikumbukira.

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa pulayimale ina kufupi ndi doko la Kachulu. Tsiku lina kunabwera mayi wina wofufuza za maphunziro kuchokera ku yunivesite, atanyamula matabuleti m'katoni. Anati kafukufuku wawo akuonetsa kuti ana amamva bwino akamaphunzira m'magulu pa makinawa. Gulu likalemba ganizo, limaonekera pa matabuleti onse, ndipo magulu ena amalitsutsa kapena kufunsa umboni.

"Inu aphunzitsi musamawauze mayankho," anatero mayiwo. "Asiyeni atsutsane okha. Ntchito yanu ndi kungoyendayenda m'kalasi."

Kuyendayenda ndimakutha (ndani angakane ntchito yotere?). Ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

Funso loti ana afufuze ndinasankha ndekha, palibe anandikakamiza: n'chifukwa chiyani nsomba zikuchepa m'nyanja ya Chilwa? Inali nyengo imene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiye ndinadziona wanzeru kwambiri. Ndinagawa ana m'magulu atatu, Mlamba, Makumba ndi Matemba.

Poyamba ankachita manyazi. Ankangolemba kuti "mvula yachepa" kapena "ndi chifuniro cha Mulungu." Kenako anazindikira kukoma kofunsana umboni, ndipo kalasi inatentha. Ana amene chiyambire sindinawamvepo mawu anayamba kukangana mpaka kuiwala phala. Atapempha kuti azitenga matabuleti kunyumba akajambule umboniwo, ndinawalola ndi mtima wonse.

Mufunsa ngati ndinaonako zimene ankajambulazo. Ayi. Mayi ofufuza aja anandiuza kuti ndisalowerere, ndipo ine ndi munthu womvera (kunena zoona, timalemba ta pa tabuleti timandipweteka maso).

Linafika tsiku loonetsa makolo. Tinapachika nsalu yoyera pa bolodi, mayi ofufuza aja anabwera ndi pulojekita, makolo anadzaza mpaka m'mawindo. Pofuna kudzionetsa, ndinaitananso mlangizi wa za nsomba wa boma. Ndinamukhazika kutsogolo, pafupi ndi Che Jafali, msodzi wolemekezeka wa mu komiti ya sukulu, amenenso anali eni nyumba imene ndinkakhalamo.

Anayamba a gulu la Mlamba. Mtsikana wina, Esinati, anaimirira.

"Ife tinati nsomba zikutha chifukwa anthu akupha nyanja ili yotseka. A Makumba anatifunsa umboni. Umboni wake ndi uwu."

Pa nsalu paja panaoneka Che Jafali ali m'madzi mpaka m'chiuno, akukoka khoka losokedwa ndi maneti a udzudzu. Makina amenewa amajambula bwino, abale. Ngakhale dzino lawo loguluka linkaoneka. Mlangizi uja anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mnzake wokhala naye benchi.

Ndisanapume, Asiyatu, mwana wa Che Jafali, anadzuka ku gulu la Makumba maso ali psu.

"Ifenso tili ndi umboni. Madzi sakufika kunyanja chifukwa bambo ake a Esinati amatseka ngalande ku sikimu ya Likangala kuti mpunga wawo umwe wokha."

Anaonekera bambo aja ndi khasu, akuunjika matope m'ngalande, uku akucheukacheuka.

"Mwana iwe!" anakuwa bambowo ali kumbuyo. "Unandijambula ndani wakutuma?"

"Atituma aphunzitsi," ana onse anayankha pamodzi, mwaulemu ngati mmene ndinawaphunzitsira.

Apa ndinayamba kuyenda cholowera ku pulojekita, koma a gulu la Matemba anali atayamba kale.

"Ife tamvetsera magulu onse awiri," anatero wowalankhulira. "Taona kuti msodzi sangaphe nsomba ngati palibe wogula."

Munthu wa pa nsaluyo ndinamuzindikira ndi malaya, chifukwa ndi omwewo ndinavala tsikulo. Ndinali kuseri kwa nyumba ya Che Jafali ndi kabeseni m'manja. Ndinathamanga kuti ndizimitse, koma chala chinagwera pokweza mawu, ndipo sukulu yonse inandimva bwinobwino: "Onjezaniko matemba, Che Jafali. Za kutseka nyanjazo n'za pa wailesi."

Kenako munthu mmodzi yekha anayamba kuomba m'manja. Anali mayi ofufuza aja, nkhope ikuwala.

"Mwaona? Gulu lililonse likumanga pa ganizo la linzake! Izi ndi zimene takhala tikufuna!"

Palibe anawathandiza kuomba.

Khoka la Che Jafali linalandidwa sabata yomweyo. Bambo a Esinati anaitanidwa ku komiti ya sikimu, ndipo mabanja awiriwa sapatsananso moni. Makolo ena anachotsa ana m'kalasi mwanga n'kuwatumiza kwa achibale ku chilumba cha Chisi, kumene akuti kulibe matabuleti. Che Jafali anabwera kwanga, anavula nsapato pakhomo, anapereka moni wonse osadumpha, kenako anati:

"Aphunzitsi, ine ndinakupatsani mwana kuti mumuphunzitse kuwerenga. Inu mwamuphunzitsa upolisi. Mwezi ukatha mundipatse makiyi anga."

Ku Kachulu ndikafika, amayi ogulitsa nsomba amavundikira malichero. "Zatha, aphunzitsi," amatero, ntchentche zikuchita kuzungulira pamenepo. Ndikukhala m'mphepete mwa nyanja koma ndiwo zanga ndi soya. Mkazi wanga anapita kwawo kukaona mayi ake, ndipo akuwaonabe mpaka lero.

Amene anandimvera chisoni ndi mlamu wanga. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake, mmene amasungiramo matumba a makala amene amaotcha mobisa kuphiri. Ndimagona pakati pa matumbawo, n'kudzuka ndili bii.

Dzulo mayi ofufuza aja anaimba foni. Akuti kalasi yanga inaposa masukulu onse, ndipo ahedi avomera kale kuti tipitirize teremu ino. Funso asankha okha ulendo uno: n'chifukwa chiyani mitengo ikutha m'dera lathu?

Matabuleti afika Lolemba. Mlamu wanga sindinamuuze, ndipo mwana wake ali m'kalasi mwanga.