Ndikufuna Bokosi Langalanga

Lolemba

Uthenga wabwera kuchokera ku kampani ya imelo ya ku Blantyre, ija timalipira mwezi ndi mwezi. Akuti inu olipira, tiuzeni zatsopano zimene mukufuna tiwonjezere. Mayankho afike Lachisanu lisanathe.

Mtima ukugunda ngati ndathamanga kuchokera ku Songani!

Pasukulu pathu pano kompyuta ndi imodzi, bokosi la imelo ndi limodzi, aphunzitsi tonse timasonkherana. Woyatsa ndi wotayipa ndine. Koma wowerenga ndi aliyense, makamaka a Chimbalanga a Jogalafe, amene amasunga kiyi wa ofesi. Kalata ya mwini amaiwerenga mokweza, ndi mawu a pa wayilesi. Kufufuta ahedi analetsa, akuti zonse zili m'menemo ndi katundu wa sukulu.

Dalitso wanga ali ku sukulu ku Harare. Poyamba ankalemba zokoma. Tsiku lina analemba kuti "duwa langa", ndipo mwezi wonse ana a Fomu 3 ankanditcha Madamu Duwa. Ndinamudandaulira. Kuyambira pamenepo amalemba ngati kalaliki wa kwa DC.

Ine ndili ndi funso loti sindingafunsire pabwalo: abwera mu Disembala kudzachita chinkhoswe, kapena ayi? Amalume ku Malemia atopa n'kudikira. Inenso.

Ndiye zofuna zanga:
1. Aliyense bokosi lakelake, lotsekedwa ndi mawu achinsinsi.
2. Kachizindikiro kosonyeza kuti uko awerenga, munthu asamanamizire foni.
3. Kabokosi kolumikiza kompyuta ku foni, kaja amati modemu, kasiye kulira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga.

Mawa pa buleki nditayipa, nditumiza, osauza munthu. Basi!

Masana. Ndikutuluka m'kalasi, ndikupeza uthenga uja wasindikizidwa kale, wakhomedwa pa bolodi mu sitafu. Pansi pake, ndi cholembera chofiira: "Tonse tiganizirepo."

Lachiwiri

Tulo sindinatione. Kutentha, udzudzu, ndi cholembera chofiira.

Mu sitafu muli ngati tsiku la msika. Aliyense wabwera ndi chake:
A Likoswe, ahedi athu: nkhani zizifika m'mawa momwemo, atopa n'kuwerenga nyuzi ya dzana.
A Jere a Masamu: zigoli za mpira wa ku Mangalande, Loweruka lomwelo, osati mpaka Lachiwiri.
Mayi Matola: chithunzi cha mdzukulu wawo wa ku Joni chizifika chonse. Chija chinabwera mwezi watha chinathera pamphuno, foni itaduka. "Mwana wa mwana wanga, pakamwa sindikumudziwa!"
A Chimbalanga: zilembo zikule, maso akuwavuta.

Akuwavuta ndi makalata a eni!

Ndikunena changa, mwaulemu, manja pamodzi. Kenako a Chimbalanga: "Madamu, pano ndife banja limodzi. M'banja mumakhala loko?"

Mayi Matola akundigwira paphewa. "Chobisa n'chiyani, mwanawe? Nafenso tinakondedwapo."

Ahedi akuti nkhani yaikulu chonchi siingayende popanda komiti. Komiti yasankhidwa pomwepo. Wapampando, a Chimbalanga. Mlembi, ine.

Sindikutha kukhala pansi. Ndapita ku laibulale, ndabwerako opanda buku. Fomu 2 ndaiphunzitsa phunziro la dzulo kuyambira poyamba mpaka belu, ndipo palibe mwana wanditsutsa. Mwina dzulo sanamve. Mwina akundimvera chisoni.

Lachitatu

Mvula yoyamba, ndi mphepo yochokera ku phiri la Malosa. Nthambi ya bulugama yagwera waya. Foni yafa.

Komiti siyifa. Takumana ndi tiyi ndi mandasi. Mfundo iliyonse tikuvota pokweza manja. Nyuzi, manja onse. Mpira, manja onse, ngakhale Mayi Matola amene amayesa golokipa ndi woimbira. Chithunzi, manja onse.

Bokosi lakelake: dzanja limodzi, langa. A Jere anakweza lawo kufika pakhutu, anayang'ana wapampando, n'kuyamba kudzikanda.

"Demokalase imeneyo, madamu," akutero a Chimbalanga. "Tinaivotera tokha."

Madzulo amayi afika kuchokera ku Malemia, mango pamutu, ngumbi m'kambale. Asanakhale n'komwe: "Amalume ako akuti, kodi mnyamata uja ndi munthu kapena ndi mawu a m'makina?"

Ndikuti ali pa mayeso.

"Nanga chimfine chija chinamusiya?"

Mwadziwa bwanji za chimfine, amayi?

"Ndinamva ku chigayo."

Ku chigayo! Nkhani ya mphuno ya chibwenzi changa ikuyenda ndi mgaiwa!

Potsazika akutchula za mwana wa a Kalonga, uja ali ndi golosale ku Songani, kuti sanakwatirebe. "Sindikunena kanthu ayi. Kungoti uja timamuona ndi maso."

Ngumbi ndadya zonse chiimire.

Lachinayi

Waya akonza. Mbuzi yalira, yagwira. Uthenga umodzi, wa Dalitso! Ndikuuphimba ndi thupi langa, koma a Chimbalanga ndi aatali.

"Moni kwa aphunzitsi nonse. Kuno mvula sinayambe. Mayeso ayandikira. A Chimbalanga, zikomo chifukwa cha malangizo anu a mandimu ndi uchi, andithandiza kwambiri."

Basi. Dzina langa mulibe. Ndipo kani amalemberana! Kuyambira liti?

"Mnyamata waulemu," akutero a Chimbalanga, akupukuta magalasi.

Nzeru yatsopano: pa nkhomaliro onse akapita, nditumize zofuna zanga pandekha. Komiti itumize zake mawa. Kampani isankhe yokha.

Ndatayipa mofulumira. Modemu ikulira, ikulira, yagwira. Nthawi yomweyo ahedi mu ofesi mwawo anyamula foni kuti aimbire ku Zomba. Yaduka. Ndikuwamva kuseri kwa khoma: "Halo? Halo? Muli chinthu chikukuwa m'foni muno!"

Ndadikira amalize. Akambirana za choko, za maliro a m'bale wa munthu wina, za choko kachiwiri.

Ndayesanso. Magetsi thi! Zonse ndinatayipa zapita.

Ndikutuluka, miyendo ikungonditenga. Ndapezeka ndili ku Songani opanda chogula. Ndagula tomato, ndamuiwala pa benchi pomwepo. Mwana wa a Kalonga ali pakhomo pa golosale yake, akumwetulira ndi mano onse.

"Madamu! Ku Harare mvula akuti sinayambe, eti?"

Ndabwerera wapansi, minibasi ndinaiona ngati ichedwa.

Lachisanu

Tsiku lomaliza. Zofuna za komiti zabereka ana usiku. Anthu aiwala kuti kampani inafunsa za imelo, akungotchula chilichonse mtima ukufuna:
mitengo ya feteleza
tsiku lenileni lodzala chimanga
kompyuta yachiwiri
pulinta yotulutsa mitundu
kamera ya Mayi Matola
waya wina wa foni, wa ahedi okha
kompyuta izimva Chichewa, ndi Chiyao chomwe

Ahedi alemba okha mawu oyamba: "Ife akuluakulu a kuno takhala pansi, ndipo tagwirizana kuti zotsatirazi zichitike Disembala isanafike."

Ndikutayipa, ahedi paphewa ili, a Chimbalanga paphewa ilo. Ndinati ndilowetse changa kumapeto mwakachetechete. Ndangolemba "bokosi", chala cha wapampando chafika kale pa galasi. "Icho chinagwa pa voti."

Belu. Onse akupita m'makalasi. "Mutumize, madamu."

Ndatsala ndekha, ndipo china chake chaphulika m'mutu. Awerenge! Awerenge onse, ndi a ku chigayo omwe! Ndikulembera Dalitso:

"Iwe, ndatopa. Ubwera mu Disembala kapena subwera? Ngati wapeza wina kumeneko, nena. Ine si chimanga choti ndikhale m'nkhokwe mpaka anankafumbwe andimalize."

Makalata awiri, ma adiresi awiri. Modemu yagwira ulendo woyamba. Foni osaduka, magetsi osathima. Makalata onse apita! Ndazimitsa msanga, ndathamangira ku Fomu 4.

Ndikuwoloka mtsinje wa Domasi popita kunyumba, wopepuka ngati nkhuku yothawa mpeni. Pakati pa mlatho ndaima.

Adiresi ya Dalitso ndinaiika pa kalata iti?

Ndabwerera chothamanga. Ofesi yokhoma. A Chimbalanga akuti apita ku Zomba, ndi kiyi m'thumba.

Loweruka

Ndasesa pabwalo kawiri. Ndachapa nsalu zochapa kale. Phala lapserera ndili chiimire pambali pake.

Ndikupita kusukulu, mwina ndingasuzumire pawindo. Chitseko chili pululu. M'katimo a Chimbalanga, a Jere, Mayi Matola, ahedi. Loweruka! Anthu oti ukawaitanira makalasi apadera amadwala mutu!

Palibe akundiyang'ana kumaso. A Chimbalanga akukonza kukhosi.

Kalata yoyamba, ya kampani: "Mayi, zikomo potilembera. Za kubwera mu Disembala sitingalonjeze. Tikukutsimikizirani kuti wina sitinapeze, makasitomala athu onse timawakonda mofanana. Nthawi yolandira maganizo inatha dzulo."

A Jere atuluka panja. Ndikuwamva akutsokomola kuseri kwa thanki, chifuwa chake chachilendo.

Yachiwiri, ya Dalitso: "Akuluakulu, zofuna zanu ndalandira ndi mantha. Sindinadziwe kuti mwambo wa ku Malemia unasintha chonchi. Ine ndine mwana wa sukulu. Kompyuta ndi kamera sindingathe. Zigoli za mpira ndingamatumize. Kodi amalume anayamba liti kukonda mpira wa ku Mangalande? Chonde mundichepetsere."

Ndakhala pansi, pa simenti penipeni. Kaya ndikuseka kaya ndikulira, madzi okha ndiye akutuluka.

Ahedi akwiya. Mandasi a komiti apita pachabe, nyuzi azidzawerengabe ya dzana. Akuti Lolemba ndikawaone mu ofesi.

Mayi Matola akundidzutsa. "Wamva koma? Akupempha kuchepetsa. Munthu wosafuna katundu sanenerera mtengo."

"Pitani mukapume, madamu," akutero a Chimbalanga, akukokera mpando ku kompyuta. Amatayipa ndi chala chimodzi. "Mnyamatayu timuyankha ife."

Ndinafuna kukana. Iwo ayamba kale kutayipa. Ndapita kunyumba, ndasesanso pabwalo.

Lamulungu

Ku tchalitchi ku Mishoni. Ulaliki sindinaumve. Pa benchi ya amayi a Mvano mitu ikungotembenuka, kundiyang'ana, kubwerera.

Potuluka, pansi pa mtengo wa mango: amayi, amalume, ndi a Chimbalanga atavala jekete, pepala m'manja. Kani analawirira ku ofesi asanabwere kuno. Anthu azungulira ngati pali wogulitsa mankhwala.

Dzulo a Chimbalanga anamufotokozera Dalitso za kusokonekera kwa makalata, n'kumutumizira yanga ija yonse, ndi anankafumbwe omwe. Anawonjezera funso lawo: "Mphwanga, tiuze zoona, anthu kuno akuvutika."

Yankho akuliwerenga ndi mawu a pa wayilesi aja. "Okondedwa a Chimbalanga. Ndibwera mayeso akangotha. Ankhoswe anga ndawalembera kale, chinkhoswe chichitike Khirisimasi isanafike. Ndimaopa kulemba poti anandiletsa zokoma. Mumuuze kuti wina kulibe."

Mumuuze. Ndili pomwepo, ndi makutu anga awiri, ndipo a Chimbalanga atembenuka n'kundiuzadi: "Akuti wina kulibe."

Amayi nthungululu. Amalume agwira dzanja la a Chimbalanga ndi manja awiri, osalisiya, ngati akwatiwe ndi iwowo. Ine wandipatsa moni ndi mayi mmodzi yekha, wondifunsa ngati kamera ija ibwerebe.

Komiti akuti isathe, ingosintha ntchito. Lachitatu ikumana za mpunga ndi nkhuku.

Ndakondwa. Ndikuganiza kuti ndakondwa. Ndakhala pakhonde masana onse osadzuka, koyamba sabata ino.

Mawa ndikayatsa kompyuta, ndikamuyankha Dalitso kuti ndamva. A Chimbalanga akuti ndisachulutse mawu, ndipo ndiwaonetse ndisanatumize, poti mnyamatayu amene akumudziwa bwino ndi iwo.

Ndavomera.