Sampulo ya M'mimba Mwanga

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndakhala ndikuibisa. Ku Aerodrome, lokeshoni ya kuno ku Bindura, amaidziwa, ku Shamva amaidziwa, makondakitala a kombi, maminibasi a ku Mazowe aja, amaidziwanso, koma ine ndimaibisabe. Lero ndaganiza zoinena ndekha chifukwa anthu akuiwononga. Ena akuti ndinalira. Sindinalire. Linali thukuta, kungoti linatulukira m'maso.

Ine ndine Laitoni, wobadwira m'komboni ya mgodi, makolo anachokera ku Malawi. Sukulu ndinalekeza pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza zilembo m'masamu. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito imodzi pansi pa mgodi kuno ku Bindura: kutenga masampulo. Umatenga tchizulo ndi hamala, n'kugumula mwala pamalo pomwe mabwana akufuna kudziwa ngati pali chuma. Malowo akakhala m'kati kwambiri, amabwera ndi dirilo, kubowola thanthwe, n'kusolola mwala wautali ngati nzimbe. Lamulo ndi limodzi basi: sampulo imachokera pomwe pali nkhani. Ukatola mwala panjira n'kunena kuti wachokera kukhoma, mawa lake ukugulitsa tomato.

Ndiye mimba inayamba kundivuta. Chilungulira, kugeya, kulira kwa m'mimba ngati ndameza jenereta. Mkazi wanga, mayi a Gire, anatopa ndi phokosolo n'kundithamangitsira kukiliniki.

Dokotala wake anali munthu wofatsa. Anandidina apa ndi apa, kenako anayankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, koma ndikuuzani m'chinenero chathu, kupatula “sekuru”, ndiye kuti agogo, mmene amaitanira mwamuna wachikulire kuno.

"Sekuru, pali kachilombo kena kamakhala m'chifu. Kakakhalitsa, khoma la chifu limatha kupyapyala. Titenga sampulo ya magazi, tione ngati kaliko, tionenso ngati khomalo likadali lolimba. Mubwere Lachisanu m'mawa, musanadye kanthu. Pali funso?"

Funso? Ine? Munthu watchula sampulo, watchula khoma, ndiye ine ndizifunsa?

"Dokotala," ndinatero, "apa mwalowa m'dipatimenti yanga."

Panjira ndinaisinkha bwinobwino nkhaniyo. Magazi a pachala ndimawadziwa, ndi a malungo, chifukwa malungo amayendayenda thupi lonse ngati foromani. Koma chifu ndi malo. Chili pakatikati, kuseri kwa mafuta. Tchizulo siingafike. Ndiye kuti dirilo.

Nditafika kunyumba ndinati, "Mayi a Gire, khalani pansi. Lachisanu andibowola."

"Akubowolani pati?"

"Apa." Ndinaloza pamwamba pa mchombo. "Akufuna magazi a m'chifu mwenimwenimo. Akapeza kuti khoma lapyapyala, aikamo mitengo yochirikiza, ngati mmene timachitira pansi paja."

"Mitengo? M'mimba?"

"Ing'onoing'ono. Ngati ya machesi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo a Gire, si inu munati nsato inakuthamangitsani pa njinga mpaka ku Mazowe?"

"Imeneyo inali nkhani yocheza. Iyi ndi yachipatala."

Anandiyang'ananso, n'kupeza kuti sindikuseka. Anakhulupirira. Mumve bwino pamenepa, abale: tsiku limenelo sindinkanama. Ndinkangolakwa ndi mtima wonse.

Mayi a Gire anaimbira foni achemwali anga aakulu, a Esinati, amene amagulitsa masamba ku Shamva. A Esinati anaimbira mkulu wa mpingo wathu, a Mbewe. Nkhani ikamayenda imanenepa. Pochoka panyumba dirilo inali ya m'manja, pobwerera kuchokera ku Shamva inali ya kompuresa.

Lachisanu m'mawa ndinasamba, ndinameta pamimba kuti biti, nsonga ya dirilo ija, isakodwe m'cheya, kenako ndinatenga choko cha kuntchito n'kulembapo X. Ndimo mmene timachitira. Wobowola sumamusiya kuti aziganiza yekha.

Ndikutuluka panja, kombi yadzaza! A Esinati asiya masamba awo akufota ku Shamva. A Mbewe avala jekete. Amayi a mpingo anyamula bulangeti ndi fulasiki ya phala. Anzanga a shifiti ya usiku abwera osagona n'komwe, akuti akufuna aone makina ake. Pakhomo pa kiliniki anandizungulira n'kupemphera mpaka mlonda anavula chipewa. A Mbewe anapempherera dzanja la wobowola, kuti lisapitirire mpaka kumsana.

Ndinalowa ndekha, ngati mwamuna.

M'katimo munali sisita wina wamkulu thupi, wa nkhope yosadabwa ndi kanthu. Ali mkati movala magolovesi, ine ndinavula malaya, kumasula lamba, n'kugona pabedi chagada. Ndinaluma mpango.

"Sekuru, mukuchita chiyani?"

Ndinachotsa mpango. "Ndakonzeka, sisita. Ndalemba kale pobowola."

Anayang'ana X uja, n'kuyang'ana kudenga pang'ono.

"Valani malaya. Khalani pampando apa. Mkono."

Ndinati ndi jekeseni ya dzanzi imeneyi, ayamba bwino. Anandimanga kalamba pamkono, analasa popinda mkono, anadzaza kabotolo kakang'ono ngati chala, anaikapo thonje ndi pulasitala.

"Basi. Zotsatira sabata yamawa."

"Nanga dirilo?"

"Dirilo yanji?"

Apa ntchito inandikwera kumutu.

"Sisita, mundikhululukire, koma sampulo imeneyo ndi yabodza. Mwatola panjira. Nkhani ili kuno, inu mwatenga uko. Kwathu kuntchito zimenezi amachotsa nazo munthu!"

Sanakwiye. Anamata dzina langa pakabotolo n'kufunsa, "Makorokoza aja amasefa mchenga mumtsinje wa Mazowe, akapeza golide amakhala kuti akumba phiri?"

"Ayi. Madzi ndiwo amabweretsa kuchokera kumtunda."

"Magazinso amabweretsa. Kachilomboko kakalowa, thupi limapanga asilikali olimbana nako, ndipo asilikaliwo amayenda m'magazi monse. Tikawapeza, tidziwa kuti kanafikako. Khoma la chifu nalonso lili ndi zake zimene limathira m'magazi. Zikachepa, tidziwa kuti lapyapyala. Mkono ndi mtsinje, sekuru. Pitani mukadye."

Zinamveka. Chondipweteka n'chakuti zinamveka kwambiri.

Kunena za zotsatirazo, zinadzabwera pambuyo pake: asilikali anawapeza, khoma lili bwino, anandiyezanso kuti atsimikize, n'kundipatsa mapiritsi. Mitengo sanaike. Koma m'mawa umenewo ine sindinkaganiza za khoma. Pawindo pankalowa nyimbo. Anthu aja anali atayamba kuimba, ya maliro osati ya maliro, ya pakati. Mawu a achemwali ankamveka pamwamba pa onse, akulira.

Ndituluke bwanji ndi kathonje pamkono? Anthu osagona, masamba ofota, jekete la a Mbewe? Ine amene ndimadziwika kale ndi nkhani ya nsato? Ndani akanandikhulupiriranso, ngakhale nditati kunja kwacha?

"Sisita," ndinanong'ona, "panja pali anthu ochokera ku Shamva. Simungangobowolako pang'ono? Kungokanda chabe, pa X pomwepa?"

"Sekuru, tulukani."

Ndinatuluka, koma ndinadzera kuchimbudzi. Kumeneko ndinachita opaleshoni ndekha. Ndinamatula pulasitala ndi thonje pamkono, n'kumata pamimba. Ndinatsitsa mkono wa malaya, ndinapinda msana, n'kuyamba kuyenda mokhwekhwereza phazi.

"Maiwe! Watuluka wamoyo!"

Sanalole kuti phazi langa likhudze pansi. Anandikulunga m'bulangeti n'kundilowetsa m'kombi ngati sofa. Dalaivala anayendetsa pang'onopang'ono mpaka ngolo ya abulu inatipitirira. Anzanga a kuntchito anandiunjirira.

"Biti yake inali saizi yanji, mudhara?"

"Sindinaone. Anandiphimba kumaso."

"Madzi amathira pobowola?"

"Ofunda."

"Fumbi?"

"Pang'ono."

Anagwedeza mitu mwaulemu. Ine mumtima ndinati zatheka.

Kunyumba anandigoneka pa matiresi pabalaza, anthu mbali zonse, ena pawindo. Amayi a mpingo ankandimwetsa phala ndi supuni. Ndinkabuula apa ndi apo kuti phala lisasiye. Kunena zoona, chibadwire sindinasamalidwepo chonchi.

Kenako achemwali anatulukira kukhitchini ndi beseni.

"Vundukula, Laitoni. Bala la chitsulo limafuna madzi a mchere."

"Achemwali, dokotala analetsa."

"Dokotalayo ndi amene anakubereka kumsana?"

"Akuti mphepo ikalowa, ndifufuma."

"Tsekani chitseko, mphepo isalowe!"

Anatseka. Ndinagwira malaya ndi manja awiri, koma a Esinati ndi munthu amene amanyamula thumba la kabichi yekha. Anandichotsa zala chimodzichimodzi, n'kugwira nsonga ya pulasitala. Amayi ena anatseka m'maso. Anzanga anasendera pafupi kuti aone saizi ya bowo.

Tswee!

Zii. Mimba ili mbee, yosalala ngati botolo. Ngakhale polumidwa ndi udzudzu panalibe. Ndinamva firiji ya aneba ikulira.

A Mbewe anavala magalasi. Anawerama, anayang'ana, anapukuta magalasi, anayang'ananso. Ine ndinali nditayamba kale kusankha tauni yosamukira. Ndiye a Mbewe anaweramuka pang'onopang'ono.

"Lapola!" anafuula. "Abale, lapola! Kodi sitinapemphere pakhomo paja?"

Nthungululu! Beseni linagwa. Achemwali anagwada m'madzi a mchere momwemo. Wina anathamanga kukauza aneba.

"A Laitoni," anatero a Mbewe, "Lamulungu likubwerali muima kutsogolo, malaya m'mwamba, mpingo wonse uone! Kwezani manja, bambo, kwezani manja muthokoze!"

Ndikanatani? Ndinakweza.

M'nyumba monsemo munthu mmodzi yekha sankaimba. Mayi a Gire anali ataima pambali panga, maso ali pa mkono wa malaya anga oyera, pomwe panali kadontho kofiira. Anaugwira mkonowo mwachikondi, anapinda malaya mpaka m'chigongono, n'kukayang'anitsitsa kabowo ka jekeseni, katupa pang'ono, kali ndi chizindikiro cha pulasitala mbali zonse. Anadikira kuti vesi ithe. Kenako, ndi mawu aulemu omveka mpaka pawindo, anati:

"A Mbewe, Lamulungulo mulengeze zozizwitsa ziwiri. Balali silinangopola ayi. Lasamukira pamkono."

Phunziro lake ndi ili, abale: musanasamutse pulasitala, muyambe mwafunsa bala ngati likupita nawo.