Tsiku limene ndinagwira ababa kusikelo

Anzanga, kwathu kwabadwa mwana wamwamuna, wonenepa, ndipo amayi ali bwinobwino! Koma ndisanasangalale kwambiri, ndiulule manyazi amene ndinachita chifukwa cha iyeyu.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira. Aphunzitsi anandituma kuperekeza mnzanga Esinati kuchipatala, malungo atamugwira m'kalasi. Tikudutsa pabenchi ya azimayi oyembekezera, ndinaona mwamuna mmodzi yekha pakati pawo, chipewa chili pamaondo.

Ababa.

Ababa omwe aja ankati sikelo ndi ya azimayi. Pambali pawo panali mayi wofunda chitenje chatsopano mpaka kumutu, atawagwira dzanja. Zitenje za amayi ndimazidziwa zonse, ndimachapa ndine. Komanso m'mawa amayi anati akupita kumsika ku Mauwa.

Ndinamusiya Esinati akunjenjemera, ndikukaima patsogolo pawo.

"Ababa, amayi akuvutika kumsika, inu muli pano ndi akazi ena?"

"Iwe Agi, tsitsa mawu."

"Sinditsitsa. Amayi chitenje chatsopano simunawagulirepo chaka chino!"

Benchi yonse inatembenuka. Anamwino anasuzumira pakhomo. Mayi uja anavundukula chitenje pang'onopang'ono.

"Andigulira dzulo, mwanangu."

Amayi anga.

Kwathu mwana sauzidwa za pakati, ndiye ine ndinkangoti amayi akunenepa ndi mbatata. Azimayi aja anaseka mpaka wina anagwira mimba yake kuti isagwedezeke.

Ababa sanakalipe. Anandionetsa kathonje kamene anapanikiza pachala.

"Tayezetsa magazi limodzi, tidziwe mmene tilili, kuti mng'ono wako abwere bwino. Ndimaopa, mwanangu. Ndiye amakowa anandigwira dzanja."

Ndinalira pomwepo, mamina ndi misozi, yunifolomu yonse kunyowa. Amayi anandipukuta ndi chitenje chomwe chija.

Anamwino anati, "Bambo, mwezi wamawa mubwerenso. Wapolisi wanuyu muzimusiya kusukulu."

Ababa sanajombeko sikelo ngakhale kamodzi, ndipo amuna awiri a m'mudzi mwathu ayamba kuwatsanzira. Ine phunziro ndatolapo: usanagwire wakuba, yamba wamuona nkhope.

Mawa mwana akutuluka m'chikuta. Mubwere tikaweruka, musachedwe, mudzapeze ababa akuyanika matewera.