Amayi Aimirira, Chithunzi Chagona

LOLEMBA

M'mawa. Lero nkhani imeneyi ndiithetse.

Amayi ali bwino. Ndalemba pano kuti pakhale umboni. Inde, mwezi watha magazi anawathamanga, anagwa pakhonde, tinakagona kuchipatala. Koma pano akuyenda, akusesa, akukalipira nkhuku za aneba. Munthu wokalipira nkhuku ndi wodwala ameneyo?

Ba Dalitso, alongo anga aakulu a ku Kitwe, sakumva zimenezo. Akuti mwezi ukatha Amayi asanaime bwinobwino, abwera kuno ku Matero kudzawatenga. Kudzawatenga! Ngati thumba la makala. Ine ndakhala ndi Amayi m'nyumba muno chimwalirire Atate. Tiyi timamwa awiri, kukangana timakangana awiri. Akapita ndizikangana ndi ndani? Sindikufuna, basi.

Kuwapatsa foni kuti alankhule okha sikuthandiza. Akangomva kuti ndi mwana wawo wamwamuna, mawu amachepa ngati a kamwana ka mphaka: "Tilipo, mwana wanga, Mulungu ndiye aziba." Akadula foni, mawu onse abwerera kwa nkhuku.

Ndiye pulani yanga ndi chithunzi. Foni ya Ba Dalitso ndi kamabatani, choncho akuti nditumize pa imelo akaone pa kompyuta ya kuntchito. Foni yabwino ili ndi akazi awo, koma chithunzi cha mayi wanga sichingadzere kwa mlamu.

Zofunika:
– Amayi asambe, avale diresi ya kutchalitchi
– khoma lasupuka penti, ndipachike nsalu yoyera ya pabedi kumbuyo kwawo
– aime mowongoka
– amwetulire (izi zokha sindikulonjeza)

Masana. Zatheka! Aima ngati msilikali, manja m'mbali. Dzuwa lawalasa m'maso, atsinzina pang'ono. Kumwetulira akana, akuti mano atsalawo si oonetsa ku Kitwe. Palibe kanthu. Pafoni panga ali chilili, owongoka, okongola. Ndatumiza. Ndikuluka tsitsi la kasitomala uku ndikuimba.

LACHIWIRI

Foni ikulira mbaula isanakolere. Ba Dalitso. Akulira! Bambo wa imvi, kulira muofesi.

"Iwe mwaiche, bwanji sunaniuze kuti bamai bafika apa? Bagona pa nsalu yoyela, menso yotseka, manja mumbali!"

Mwaicheyo ndine, ndi mmene amaitanira wamng'ono ku Kitwe. Ndikuti aimirira. Akuti agona. Ndikuyang'ana foni yanga, aimirira. Ndikuyang'ana panja, Amayi akuyanika zovala. "Nili kuona na menso yanga pa kompyuta ikulu," akutero. Ndikuti pendekani mutu muone. Akuti sangapendeke mutu pa nkhani ya mayi wawo.

Kani chithunzi changa chatembenukira m'njira! Chachoka ku Matero chili choima, chafika ku Kitwe chagonera kumbali. Ndipo nsalu yoyera ija ndinaipachika ndine, ndi manja anga.

Zimene Ba Dalitso achita kale ndisanadye kanthu:
– aonetsa ofesi yonse
– achisindikiza papepala, achiika m'thumba la malaya
– aimbira Baanti a ku Chawama, ang'ono awo a Amayi

Baanti! Uthenga ukafika kwa Baanti sufunanso basi, umayenda wokha.

Masana. Chithunzi chachiwiri. Nsalu ndachotsa. Ndawapatsa Amayi tsache kuti aoneke ali pa ntchito. "Niime futi? Ine nalema," akudandaula, koma aima. Ndatumiza, ndikudikira. Ndikulephera kukhala pansi. Mzere wa tsitsi la kasitomala wakhota, ndamasula, wakhotanso.

Yankho lafika. "Manje wabaika chipyango pa chifuba bali gone? Ni mankwala ya kuti yamene aya?"

Amene ndikuwakayikira:
1. foni
2. netiweki
3. kompyuta ya ku Kitwe
4. mlamu (sindikudziwa kuti wachita bwanji, koma ndamusiya pamndandanda)

LACHITATU

Ndadzuka ndi nzeru! Ngati woima akufika atagona, ndiye wogona afika ataima. Bwanji sindinaganize dzulo?

Amayi sakufuna. Ndawanyengerera ndi sikono ndi tiyi wa mkaka. M'nyumba muli mdima, magetsi apita, ndiye tichitire panja. Ndayala nsalu yoyera ija pabwalo kuti diresi isade. Agona chagada. Ndawawongola miyendo, ndawakonza duku. Dzuwa lili pamwamba penipeni, atsinzinanso. Ine ndakwera pa mpando, foni m'manja.

Geti likutseguka.

Baanti a ku Chawama. Chikwama pamutu, chitenje m'chiuno. Aona mkulu wawo ali gone pa nsalu yoyera pakati pa bwalo, ine ndili pamwamba pa mpando. Chikwama pansi. "Mayo ine! Mukulu wanga! Mwanisiya na ndani!"

Mzere wonse wa nyumba watuluka. Aneba a nkhuku abwera atavala kale chitenje cha maliro, sindikudziwa anachipeza nthawi yanji. Amayi atsegula diso limodzi, aona khamu, alitsekanso. Pambuyo pake akundinong'oneza kuti anachita manyazi kudzuka.

Ndafotokoza. Ndafotokozanso. Ndaonetsa foni. Baanti akundiyang'ana ngati ndine wodwalayo. Anthu awanyamula Amayi, munthu wosesa bwalo m'mawa womwe uno, awagoneka pabedi, awafunditsa mabulangete awiri kunja kukutentha chonchi.

Madzulo. Chithunzi chija ndinajambulabe ndisanatsike pampando, ndipo ndatumiza. Ba Dalitso akuti chafika choima ndithu, koma mutu uli pansi, miyendo m'mwamba. Sanakalipe. Angoti, "Mwaiche, leka kusobelesa bamai." Kukalipa kukanakhala bwino.

LACHINAYI

Nyumba yadzaza. Alipo:
– Baanti, atenga bedi langa
– azimayi a kutchalitchi, mayunifolomu oyera, nyimbo kuyambira m'mawa
– msuweni wa ku komboni ya George amene sitinamuone ngakhale pa maliro a Atate
– gogo wina amene aliyense akuyesa kuti wabwera ndi mnzake

Onse amadya. Makala akutha ngati akuba. Makasitomala anga akafika pageti nkumva nyimbo, akubwerera chakumbuyo.

Amayi ali pakati pa mapilo. Abweretseredwa nkhuku, nthochi, maheu, malalanje osenda kale. Akuyankha ndi mawu aja a pafoni. Ndawaona akupukuta mafuta a nkhuku pakamwa ndi ngodya ya bulangete.

Ndathawira kumsika, kwa mayi wina wa shopu ya makompyuta. Watsegula imelo yanga pa kompyuta yake. Mayo! Ndaona zimene Ba Dalitso anaona. Mtima wanga wagunda ngakhale ndikudziwa kuti ndawasiya akutafuna ntchafu ya nkhuku. Kunena zoona, nanenso ndikanalira.

Mayiyo sanadabwe nkomwe. "Foni imaika ka chizindikilo kuti kumwamba ni uku. Makompyuta yenangu siyakabelenga. Muzigoneka foni pokopa, vizafika bwino."

Basi? Kugoneka foni? Ine ndagoneka mayi wanga pabwalo, kani chofunika kugoneka ndi foni!

Ndathamanga kubwerera, fumbi m'miyendo. Ndalowa kuchipinda, ndanong'oneza Amayi kuti adzuke kamphindi chabe, aime pazenera. Akana.

"Bantu bakwela mabasi kubwela kuona odwala. Niime manje, baoneke monga ni bopusa? Awe. Nizauka bakayenda."

Ndipo anthuwo sapita mpaka wodwala atadzuka. Ndatuluka panja, ndazungulira nyumba, ndazunguliranso.

LACHISANU

Ndasanduka mlenje m'nyumba ya kwathu. Foni yogoneka m'manja, ndikubisalira mayi wanga.

Zimene ndagwira mpaka masana:
– msana wa Baanti
– chitseko cha chimbudzi chikutsekeka
– phazi limodzi la Amayi, losaoneka bwino
– gogo uja akumwetulira (wapempha ndimutsukire chithunzicho)

Baanti akulondera pakhomo la chipinda. Akuti foni imeneyi ndiyo ikukweza magazi a mkulu wawo.

Chakumadzulo. Alendo akhuta, akuwodzera. Nkhuku za aneba zalowa m'kadimba ka repu kuseri. Ndikumva bedi likulira. Amayi atulukira khomo lakumbuyo, patapata m'manja, akuthamangitsa tambala! Ndajambula. Ndajambulanso. Dzanja m'mwamba, maso otsegula, mano onse atsalawo poyera. Sindinaonepo chithunzi chokoma chonchi.

Ndatumiza. Ndathamangira kumsika kukaona pa kompyuta ya mayi uja. Chaima! Chaima ndithu! Ndatsala pang'ono kumukumbatira.

Ndikuimbira Ba Dalitso kuti atsegule imelo msanga. Sali kuntchito. Apempha tchuthi, matikiti a basi agula kale, afika mawa ndi akazi awo. "Vithunzi vakwana, mwaiche. Nizaona neka."

Chithunzi changa chabwino chili mu kompyuta yozima, muofesi yokhoma, ku Kitwe. Nsima ndaisiya, sikulowa.

LOWERUKA

Sindikukhazikika. Ndasesa posesa kale. Ndatsuka makapu oyera. Minibasi iliyonse ikaima pamsewu, ndili pageti.

Masana afika. Ba Dalitso aonda, kapena ndi malaya. Mlamu ali kumbuyo ndi chikwama ndi nkhope ya pamaliro.

Amayi angomva mawu pageti, aiwala kuti akudwala. Mabulangete uko! Adutsa Baanti, adutsa azimayi a nyimbo, athamanga opanda nsapato. Ba Dalitso aima kukamwa yasa, kenako awagwira, akuliranso. Baanti akufuula kuti mapemphero ayankhidwa. Azimayi ayambitsa nyimbo ina, yothamanga.

Ine mumtima ndikuvina. Aona okha! Ndapambana!

Titadya, msonkhano pabalaza. Ndalankhula ngati loya. Ndayendetsa foni kwa aliyense, aone chithunzi cha tambala ndi patapata. Ba Dalitso aseka mpaka kutsokomola, atulutsa pepala lija m'thumba, alitembenuza, aliyang'ana, alitembenuzanso. Avomera kuti Amayi ali bwino ndipo ndikuwasamala bwino. Ngakhale mlamu wagwedeza mutu.

Kenako atembenukira kwa Amayi. "Nanga imwe bamai, mufuna bwanji?"

Funso limenelo silinali pa pulani yanga.

Amayi akonza duku. Ayang'ana pansi. Ndi mawu awo enieni, a nkhuku aja, akuti, "Nizayenda."

Ndalowa kuchipinda ngati ndikukatenga kanthu. Amayi andipeza ndikupinda zovala zawo, chifukwa manja anafuna chochita. Akhala pabedi.

"Sinidwala, iwe uziba. Koma mukulu wako analila pa foni. Uja sanalile olo pa malilo ya batate bako. Bana bake banikulila kutali, sibaniziba. Lekani niyende mendo yakali yanga."

Ndikufunsa kuti abwera liti. Akuti mvula ikatha. Sanatchule mvula yake.

Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Ndikumva chisoni. Diresi ya kutchalitchi ndaiika pamwamba kuti isakwinyike.

LAMULUNGU

Apita ndi basi ya m'mawa. Ndawaperekeza mpaka m'tauni. Pazenera Amayi akundiuza kuti ndizithirira repu ndipo ndisamagone ndi njala. Ndikungoti inde, inde.

Alendo nawo abalalika. Baanti atenga nkhuku yotsala. Gogo uja wachoka pomalizira, watsanzika bwinobwino, mpaka pano sindikudziwa kuti ndi ndani.

Kutchalitchi sindinapite. Ndafulula tiyi wambiri mwachizolowezi, wina watsala m'ketulo. Ndayendayenda m'nyumba. Si yaikulu, koma lero sindikuimaliza.

Madzulo. Foni yalira. Imelo, yochokera kwa mlamu. Afika bwino. Pali chithunzi: Amayi pakhonde la ku Kitwe, zidzukulu zawakanirira m'chiuno.

Chagonera kumbali.

Ndatembenuza foni, chithunzi chatembenuka nayo. Ndabweza, chabwerera. Ndimati ndimuimbire mlamu ndimuphunzitse kagwiridwe ka foni, koma ndasiya. Ndalowa kuchipinda kwa Amayi, ndaimika foni patebulo, ndagona chammbali pabedi pawo.

Apa ndiye aima bwinobwino. Akuseka, ndipo anenepa kale, kapena ndi maso anga. Ndikhala chigonere chonchi pang'ono. Repu ndithirira mawa.