Ndevu za Bambo ndi Mawu Achigiriki

Lolemba
Abusa akupita ku msonkhano, ulaliki wa Lamulungu andisiyira ine. Koyamba chisankhidwireni kukhala mkulu wa mpingo! Pochoka andiponyera mawu achigiriki: eusebeia. "Ndiko kupembedza kwa munthu woopa Mulungu, kooneka m'makhalidwe. Mukafufuze bwino."

Kufufuza kokha sikundikwanira. Ndikufuna anthu akakuone pankhope panga. Dongosolo:
– kusala kudya mpaka dzuwa kulowa
– osakalipira makasitomala
– Lachitatu kukwera phiri kukapemphera

Lachitatu ndi tsiku limene ndimapita kwa Nkando kukawameta ndevu bambo anga. Manja awo amanjenjemera, ndipo lezala la munthu wina salikhulupirira. Koma ndevu sizithawa. Ndipita Lachinayi.

Lachiwiri
Kusala kwayamba bwino, vuto ndi malo. Pa Chinakanaka pano makina anga osokera ayang'anizana ndi chiwaya cha tchipisi, mphepo nayo ikuombera kwa ine. Mayi wina akuti ndamufupikitsira siketi. Ndamuuza kuti watalika ndi iyeyo. Wapita akulalata. Njala ndi eusebeia sizimwerana madzi.

Masana nthochi. Chipatso si chakudya.

Lachitatu
Ku Likhubula, poyambira kukwera phiri. Jekete, Baibulo, nsapato za kutchalitchi. Onyamula katundu wa alendo akundipitirira ngati ndaima. Mmodzi: "Abambo, kumwambaku kuli ukwati?"

Ndapeza mwala wabwino wogwadapo. Pemphero langoyamba, chiperoni chatsika. Phiri lonse mbuu. Ndikutsika chokhala pansi, thalauza lang'ambika, ine telala wathunthu.

M'munsi foni yagwira. Uthenga wa mlongo wanga Esnati: "Achimwene, ababa akhala pakhonde kuyambira m'mawa, sopo ndi beseni pambali. Madzi ndatenthetsa mpaka ndatopa."

Lachinayi
Chimfine. Bondo latupa. Mawu akutuluka ngati a bakha. Akazi anga: "Chigiriki chimenechi chitisiya amasiye." Andipatsa phala, ndamwa mosatsutsa. Kusala kwathera pomwepo. Kwa Nkando mawa ndithu.

Lachisanu
Ulaliki wafika masamba ambirimbiri. Ndikuyeserera pagalasi kutchula mawu aja mokweza chala. Ndaona kuti chibwano changa chaipa, ndachimeta bwinobwino.

Esnati kachiwiri: "Akuti musavutike, mwana wawo ali pa ntchito ya Mulungu. Akuuza aliyense wodutsa pamsewu." Zandikoma mumtima, ndipo choipa chake n'chimenecho. Minibasi ya kwa Nkando yaima pafupi, kondakitala akundikodola. Ndapukusa mutu. Mfundo yomaliza isanathe, ayi.

Loweruka
Abusa aimba foni kuti amve mmene zikuyendera. "Musaiwale, mawu omwewo amanenedwanso za ulemu wa mwana kwa makolo ake. Zimayambira pakhomo." Ndatsegula Baibulo pa vesi limene anditchulira. Zoonadi, zilipo, zakhalapo sabata yonse.

Ndikanangonyamuka nthawi yomweyo. Koma mayunifolomu a kwaya, amene ndinawasiya pothamangira phiri, akufunika mawa. Dzuwa lalowa ndikupalasa makina. Ndawonjezera ndime yokhudza makolo. Mwatsoka, yatuluka bwino kuposa zonse.

Lamulungu
Tchalitchi chadzaza. Ndikukwera paguwa, ndikuyang'ana benchi yoyamba: bambo. Abwera pa minibasi ndi Esnati, avala jekete lawo lakale la kuesiteti ya tiyi.

Adzimeta okha. Chibwano mabala okhaokha, kathonje kamamatira patsaya, kunsi kwa khutu ndevu zatsala chitsamba.

Ndalalikira. Mawu achigiriki atuluka osapunthwa, amayi ena mpaka nthungululu. Ndime ya makolo ndaiwerenga maso ali papepala, mpingo wonse ukuvomera, mawu okweza kuposa onse ali a bambo. Sindinachitepo manyazi otere.

Panja andigwira dzanja, lawo likunjenjemera m'kati mwa langa. "Sindikanabwera ngati tchire mwana wanga akulalikira. Mawu aja sindinawamvetse, koma mwawatchula ngati mwini wake."

Ndakagula lezala latsopano ndi sopo wonunkhira. Ndawauza kuti ndipita nawo lero lomwe. Akuti palibe changu, tidikire mabala apole.