Pa Waly Tine Sankatama Mwana

Ku Kaolack kuno, mayi akafuna kudziwa ngati mwana wake ali ndi tsogolo pa mpira wa basiketi, sankafunsa za zigoli. Ankangoima pampanda n'kumvetsera mmene Pa Waly Tine akumunyozera. Kuno "Pa" ndi ulemu woitanira bambo wachikulire. Mkuluyu anaphunzitsa mpira pa sekondale ya m'dera lathu mpaka tsitsi lonse linathera m'chipewa, koma palibe mwana waluso amene anamvapo mawu okoma pakamwa pawo. Tonse timadziwa kuti lilime limadya mwana. Ukamutama pagulu kuti wanenepa, mawa watsegula m'mimba. Enafe timangosamala apo ndi apo, koma Pa Waly nkhaniyi anainyamula ngati ntchito ya boma.

Anali wamfupi moti ana awo akawazungulira, mumangomva mawu akutuluka pakati ngati wailesi yagwera m'chitsime. Ankavala mkanjo wopempherera ndi nsapato zampira zothaitha. Wezulo yawo inasiya kulira kalekale, koma ankaiikabe pakamwa, n'kuichotsa, n'kunena okha kuti, "Pii."

Mnyamata akagoletsa kuchokera patali, mumamva, "Taonani miyendo, ngati ngamila yaponda moto. Kwanu anakutuma kudzasewera kapena kudzapitikitsa nkhuku?" Mayi ake akamva zimenezo ankathamangira kumsika kukagula nyama. Koma Pa Waly akamusisita mwana paphewa n'kuti, "Mwana wabwino, waulemu, amasewera bwino ndithu," m'mawa mwake bambo ankamugwira dzanja kupita naye kwa telala kukaphunzira kusoka.

Mmisiri wina wa nyumba, Gora Samb, anafika tsiku lina pabwalo simenti ili mbuu m'manja.

"Pa, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Wakula ali pabwalo lanu lino, koma ndi kamodzi komwe simunamutchulepo bulu."

"Bulu amakoka ngolo," anatero Pa Waly. "Sindinganamizire bulu."

Wokhoza kuwabwezera mawu anali mmodzi, Houleye Wane, mayi wamasiye wogulitsa bisapu, chakumwa chofiira chozizira, pageti la sukulu. Pa Waly anali Mserere, Houleye Mtukulora, ndipo mitundu iwiriyi ndi pachisuweni, aliyense amati mnzake ndi kapolo wake.

"Kapolo wanga, ndipatse chakumwa, mbuye wako ali ndi ludzu."

"Ludzu lilekerenji, Pa, poti malovu onse mwathera ana a eni? Imwani, kapolo akafa ndi ludzu manyazi ndi anga."

Mwana wa Houleye, Salamata, anali m'chaka chomaliza, ndipo chiyambire bwalolo palibe mwana amene ananyozedwa ngati iye. Sanali wamtali kwenikweni. Anali wowonda, wa maso ngati mphaka wa pamsika wa nsomba.

"Wakuba uyu," ankakuwa Pa Waly. "Mnzake akuyenda ndi mpira wake mwaulemu, iye wamulanda osapereka ndi moni womwe. Analeredwa ndi afisi."

Houleye ankamva zonsezi akumanga timapepala ta bisapu, n'kuweramitsa nkhope kuti anthu asaone mano.

Ndiye kunabwera mlendo. Anali Mayi Tolliver, kochi wa atsikana pa koleji ina ya ku Amereka, ndipo anali ndi malo amodzi okha m'timu mwake, sukulu yaulere mpaka kumaliza. Alendo ena akale ankabwera ndi ophunzira akale a Pa Waly omwe anapita kunja, odziwa kumva mkuluyu. Uyu anabwera yekha, atangouzidwa kuti ku Kaolack kuli nkhalamba imene mawu ake sagwa pansi. Galimoto inkamudikira kuti abwerere ku Dakar dzuwa lisanalowe. Houleye ankadziwa bwino kuti malowo akapita kwina, Salamata adzakhala naye pageti kumanga bisapu, poti za koleji panyumba pawo panalibe ndi poyambira pomwe.

Anamukhazika mlendo pansi pa mtengo wa nimu, dera lonse litamuzinga, tiyi akuwira pambaula. Womasulira anali a Mbagnick, mphunzitsi wa Chingerezi, munthu woopa ngakhale chithunzithunzi chake. Atsikana oti aonedwe anali awiri, Salamata ndi Ndoumbe, mtsikana wofatsa, wamtali mpaka kuweramira khomo la mzikiti, amene mpira ukamabwera ankatsinzina.

Mlendo analoza Ndoumbe n'kufunsa maganizo a mkuluyu.

"Mwana wabwino kwambiri," anatero Pa Waly. "Waulemu. Amasewera bwino ndithu."

Mayi ake a Ndoumbe anadziphimba ndi mpango n'kuyamba kusisima. Mlendo anamwetulira, kuyesa kuti ndi misozi yachimwemwe. Kenako analoza Salamata.

"Ameneyo musataye naye nthawi. Manja ngati zibakera za nkhanu. Mwano, umbava, kuthamanga ngati waba mbuzi. Sadzafika patali."

A Mbagnick anamasulira liwu ndi liwu thukuta lili kamukamu. Mlendo anagwedeza mutu momvera chisoni, n'kupempha kuti Ndoumbe akavale nsapato.

A Mbagnick anakhosomola. "Pa, mwina ndimufotokozere mlendoyu kuti kuno mukanena kuti..."

"Fotokoza," anatero Pa Waly osawayang'ana. "Lilime likhala lako. Mwana akathyoka bondo, ukamunyamula ndiwe."

A Mbagnick anatseka pakamwa ngati chitseko cha sitolo Lachisanu masana. Anthu onse anayang'ana pansi. Aliyense ankadziwa choonadi, koma ndani akanachitchula pagulu lotere, maso onsewo ali pa mwana mmodzi?

Houleye anatsegula pakamwa kuti anene yekha, mwana wanga ndi, koma mawu anakana kutuluka. Mayi sangatame mwana wake. Anawakoka Pa Waly pamkanjo kupita nawo kuseri kwa kalasi.

"Pa, lero lokha. Munong'onezeni kukhutu, palibe amve."

"Mphepo ili ndi makutu."

"Mukufuna akalambire pageti ngati ine?"

"Ndikufuna akalambe ndi miyendo yake iwiri."

"Inu Mserere wouma mutu ngati chitsa, mwana ndi wanga. Ndikukulolezani ine mayi ake."

"Ndiye kanene wekha."

Houleye anayang'ana kumbali. Pa Waly anamuyang'ana kuchokera pansi, poti ngakhale Houleye anali wamtali kuwaposa.

"Waona? Ukufuna kubwereka lilime langa poti lako ukuliopa. Ine sindinayambe ndadyapo mwana, ndipo sindiyamba lero chifukwa cha munthu wobwera pandege. Kaya abwere ndi koleji yonse pamutu."

Anabwerera pansi pa mtengo manja ali kumbuyo, Houleye akuwatsatira ndi mtima wofuna kuwaponya m'mtsinje wa Saloum. Ndoumbe anali ataponya kale kangapo, mpira ukupita komwe ukufuna, mlendo akuyang'ana wotchi.

"Muuze mayiyu," anatero Pa Waly kwa a Mbagnick, "kuti wachokera kutali, si bwino abwerere asanaone mwana woipa mmene amakhalira. Adzadziwe chopewa kwawoko."

Anaitana anyamata a timu yaikulu, ena a ndevu kale, n'kumuponya Salamata pakati pawo pamodzi ndi tiana ta kalasi yoyamba. Anaika wezulo pakamwa, n'kuichotsa. "Pii."

Zimene zinachitika pasimenti yotenthayo mpaka lero anyamata aja safuna kuzikumbutsidwa. Salamata ankawalanda mpira ngati akuthyola mango pamtengo wopanda mwini. Ankadutsa m'khwapa mwa uyu, n'kumusiya uyo akukumbatira mphepo, n'kupatsira kamwana kamene sikanayembekeze n'komwe, iko n'kugoletsa modabwa. Pa Waly ankathamanga m'mbali mwa bwalo mkanjo uli m'manja.

"Taonani mwano. Wamugwetsa mwana wa imamu. Chimsungwana chopanda manyazi, ndani adzachikwatire?"

A Mbagnick anayesa kumasulira, koma mlendo anawakankhira pambali ndi dzanja. Wotchi anaiiwala. Woyendetsa galimoto analiza hutala mpaka kutopa, n'kubwera kudzaonera nawo.

Atatha, Mayi Tolliver analowa m'bwalo, n'kumugwira Salamata mapewa, n'kulankhula mokweza ndi nkhope yowala. Panalibe wofuna womasulira. Koma a Mbagnick, chizolowezi cha ntchito, anangopezeka anena: "Akuti sanaonepo mwana waluso chonchi, akuti ndi wodabwitsa, akuti..."

Bwalo lonse linapuma kamodzi. Amayi analavula malovu pansi kuti athamangitse tsoka. Houleye anamukoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo ngati waona kabawi. Pa Waly anayenda pang'onopang'ono, n'kukakhala pansi kutsogolo kwa galimoto ya mlendo, pafumbi, miyendo atapinda.

"Muuze kuti sachoka pano mpaka abweze mawu ake. Anene choipa cha mwanayu, aliyense amve."

Mlendo anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha. Anati kwawo mwana akachita bwino amauzidwa. Pa Waly anati n'chifukwa chake kwawoko zipatala ndi zazitali. Mlendo anati sanganame. Pa Waly anati dzuwa la Kaolack analizolowera, ndipo galimoto ikafuna idutse pamwamba pawo, Mserere saphwanyika msanga.

Mayiyo anamuyang'ana Salamata nthawi yaitali, nkhope yasintha, yakhala ya ntchito. Kenako analankhula pang'onopang'ono, a Mbagnick akutsatira.

"Akuti dzanja lake lamanzere ndi lakufa. Akuti nthawi yonseyi wapita kumanja kokha. Akuti kwawoko adzamutsekera kumanjako sabata yoyamba, ndipo adzakhala pabenchi mpaka kuzizidwa. Akuti amutenga, koma akapanda kukonza zimenezo, abwerera."

Anthu anapuma bwino, ena mpaka kuwomba m'manja, tsoka lachoka. Koma Houleye, amene anali pafupi, anaona kuti Pa Waly sakuwomba nawo m'manja. Mkuluyu anadzuka osasansa fumbi.

"Akuti chiyani? Dzanja la ndani?"

"Mwapempha nokha, Pa," anatero a Mbagnick.

"Ndinati anyoze, sindinati anene zoona. Iyeyu ndani, wabwera masana ano, kudzatola chilema pa mwana amene ine..." Apa anadziluma lilime, anthu onse atatchera khutu. "Pa mbava imene ine ndaipirira zaka zonsezi."

Sanamutsanzike mlendo. Koma m'mawa mwake anavula mpango wa m'khosi mwawo, n'kumumanga Salamata dzanja lamanja kumbuyo. Miyezi yonse yodikira ulendo, mtsikanayo ankasewera ndi lamanzere, kutunga madzi ndi lamanzere, kusesa ndi lamanzere. Pa Waly anafuna kuti azidyanso ndi lamanzere, koma apo Houleye anati akayerekeza awathira bisapu m'chipewa. Tsiku lonyamuka, pa siteji ya galimoto za ku Dakar, aliyense anamupatsa mwanayo madalitso. Pa Waly anangoti, "Pita, tipume," n'kutembenuka msanga kukakangana ndi wogulitsa mtedza amene sanawalakwire kanthu.

Salamata sanabwezedwe. Akaimba foni amadandaula kuti kumeneko ukangogwira mpira onse akuti wachita bwino, moti sudziwa ngati uli moyo. Houleye ankapita nayo foni kwa Pa Waly kuti amunyozeko pang'ono, mwana agone bwino.

Pa Waly anamwalira nyengo yamvula, atadwala masiku ochepa, Salamata ali kutali. Bwalo lilipo. Kunabwera kochi wachinyamata, wa wezulo yolira, munthu wokoma mtima amene amawomba m'manja mwana aliyense, woponya m'kati ndi woponya kumsewu yemwe. Amayi amaimabe pampanda madzulo, ife a ana kumsana tili pomwepo, koma timabwerera kunyumba osadziwa ngati tigule nyama kapena tikalankhule ndi telala. Phokoso la mpira ndi lomwe lija, koma pabwalo pali zii ngati nyumba imene achotsamo wailesi.

Houleye akadali pageti. Anthu odutsa amaima kugula bisapu, n'kuyang'ana kumtengo wa nimu, n'kupukusa mutu. Tsiku lina Gora Samb, mmisiri uja, anati, "Koma Pa Waly anali munthu wabwino."

Houleye anamulanda kapepala ka bisapu m'manja.

"Wakulakwirani chiyani kapolo wanga? Kagule kwina."