Kusamutsa Seva ya Malemu a Gomani

Lolemba
Laisensi ya pulogalamu yoyendetsa seva, kompyuta yaikulu ya chipatala, ikutha Lamlungu. Ndisankhe haipavaiza ina. Abwana akufunsa kuti n'chinyama chanji. Ndikuwauza kuti ndi landilodi: bokosi n'limodzi, koma m'katimo muli makompyuta osaoneka, aliyense chipinda chake. Akuti, "Samutsani alendiwo, basi ndisaine transifa yanu." Blantyre! Mkazi wanga watopa n'kukwatiwa ndi foni.
Zoti ndisankhepo:
- yaulere, ikavuta ulira wekha
- yolipira, yofuna intaneti imene kuno imathawa mvula
- ina imene mnzanga amaitama, mwiniwake sanaikhudzepo

Lachiwiri
Seva ili m'kachipinda kogundana ndi mochale, poti n'kokhako kumene jenereta saizimitsa. Kuzizira kwake! Ndikuona alendi: famase, labu, katemera. Wina sindikumudziwa, dzina lake OSANDIZIMITSA. Anamupanga a Gomani, amene ndinalowa m'malo mwawo atamwalira. Kuseri kwa khoma firiji ya mitembo ikung'ung'udza ngati munthu wodandaula.

Lachitatu
Ndasankha yaulere, ndaiika pa seva yatsopano. Onse asamuka bwinobwino, OSANDIZIMITSA yekha wakana. Ndikumuzimitsa dala. Posakhalitsa foni za chipatala chonse zikulira: "Ndikumva kutentha. Bwerani msanga. Gomani." Namwino wataya thireyi. Ndikufotokoza kuti n'kapulogalamu koyang'anira firiji, kakasokonezeka kamatumiza uthenga. Palibe akundimva. Ineyo, wofotokozane, ndikuthamangira ku seva. Ndamuyatsanso.

Lachinayi
A Nankhoma a ku mochale andiimitsa pakhonde: "Katundu wa malemu sasamutsa popanda eni mbumba, achimwene. Kodi kwanu mumatero?" Abwana, munthu wa madigiri awiri, akuvomereza ndi mutu! Atuma njinga yamoto ku Magaleta kukatenga amalume a malemu. Ine ndinaphunzira zimenezi ku koleji iti?

Lachisanu
Amalume afika, jekete lakuda, avula chipewa pakhomo pa seva. Akuyang'anitsitsa timagetsi tobiriwira. "Eti akuphethira." Ndikuwauza kuti tikupita pa yaulere. "Mphwanga wagwirira boma zaka zonsezi, mukamugoneke pa zaulere?" Mtima ukupsa koma ndikumwetulira. Titakambirana mpaka tiyi kuzizira, alola, bola dzina la malemu lichoke kuti apume. "Muikepo la munthu wamoyo."

Loweruka
Kapulogalamu kaja ndakamanga mwatsopano pa yaulere. Kakufunsa dzina la woyang'anira. Ndaikapo langa, nanga la ndani? Zonse zikuyenda! Seva yakale ndazimitsa. Bata limene latsala m'chipindamu sindikulikonda. Ndatuluka chafutambuyo, ndayamba kulongedza sutikesi.

Lamlungu
M'tchalitchi, ulaliki uli pakati, foni zikulira m'mabenchi onse. Wina wasiya chitseko cha firiji chosatseka, ndikudziwa. Komabe ndikuwerenga: "Ndikumva kutentha. Bwerani msanga." Pansi pake dzina langa. Ine ndili pompano, buku la nyimbo m'manja. Mitu ikutembenuka umodziumodzi. Mayi wa pambali panga akusendera kutali, akukoka ndi mwana yemwe.
Potuluka abwana akundipatsa moni osandigwira dzanja. "Tsopano poti chikuitana m'dzina lanu, mukachoka adzachiyankha ndani? Za transifa tidikire kaye."
Ndikuchita mantha, sindinama. Sutikesi ndamasula. Ndaimbira mkazi wanga kuti anditumizire majuzi onse, ndipo ayambe kufunsa ngati sukulu za kuno zili ndi malo a ana.